Kodi Kaundula wa Odwala Ngwa Yani?

Mwezi wathawu, titatha msonkhano wa akatekisiti, bambo wina wachikulire amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri adatsalira pakhomo, chipewa chili m'manja, nandifunsa funso limene sindidathe kuliyankha tsiku lomwelo. Akazi awo adadwala nthawi yaitali, nagonekedwa m'chipatala kangapo, mpaka adatisiya zaka zitatu zapitazo. Tsopano mwana wawo, amene agwira ntchito ya ulembi pa chipatala china, wawauza kuti masiku ano zolembedwa za odwala, amoyo ndi akufa omwe, zilowetsedwa m'makompyuta, ndipo anthu ophunzira azitenga ndi kuziwerenga pofufuza za matenda. "Abambo," adatero, "amayi a kunyumba aja adaulula matenda awo kwa dokotala kuti awachiritse. Kwa anthu a kafukufuku sadaulule. Nanga iwowo adapempha kwa yani?"

Funso limeneli si la bambo aja okha ayi. Aliyense wa ife ali ndi buku lake la kuchipatala. Mayi aliyense amene adapitapo ku sikelo adalembedwa m'kaundula. Mlangizi wa zaumoyo asunga buku la mudzi wathu, m'mene muli maina a ana athu ndi katemera amene adalandira. Tonsefe tidalembedwa penapake. Choncho, owerenga okondedwa, nkoyenera kuti tikhale pansi ndi kuganiza bwino: kodi nkololedwa kutenga zimene munthu adanena pofuna chithandizo, ndi kuzigwiritsa ntchito ina imene mwini wake sadaidziwe?

Ntchito yake njotani?

Tiyambe ndi kumvetsa ntchitoyo, pakuti woweruza mlandu asadaumve aweruza mokhota. Kafukufuku wa zaumoyo ali pawiri. Pali wina amene ofufuza apita kwa munthu, namuyeza, namtenga magazi kapena kumpatsa mankhwala atsopano. Pa kafukufuku wotere palibe chokayikitsa: munthuyo ayenera kufunsidwa ndi kuvomera mwaufulu, monga adagwirizana madokotala a maiko ambiri ku Helsinki m'chaka cha 1964. Koma pali winanso amene sakhudza thupi la munthu konse. Wofufuza sapita kumudzi, saona wodwala; angotsegula zimene anzake adalemba kale pa zifukwa zina, nawerenga za anthu zikwizikwi pamodzi, kufuna kuona chimene sichioneka pa munthu mmodzi.

Kale ofufuza otere ankavundukula mabuku afumbi m'chipinda cha alembi. Lero zolembedwazo zili m'makompyuta ngati chimanga m'nkhokwe. Kuno kwathu kulemba odwala pa makina kudayamba pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe m'chaka cha 2001, ndipo ziwerengero za zipatala za m'maboma onse zitumizidwa ku Unduna wa Zaumoyo. Chimene kale chinkatha miyezi pochikopera, lero chikopedwa pa kanthawi kophikira tiyi, nkufika kutsidya kwa nyanja dzuwa lisadalowe. Ndiye chifukwa chake funso lakale lakula mphamvu masiku athu ano.

Zabwino zotuluka m'mabuku akale

Tisafulumire kunena kuti ntchitoyi njoipa, pakuti zipatso zake tidya tonse. Nazi zitsanzo zitatu.

Ku London, pafupifupi zaka 400 zapitazo, alembi a maparishi ankalemba sabata ndi sabata chiwerengero cha obatizidwa ndi cha oikidwa m'manda, pamodzi ndi nthenda imene idawapha, makamaka kuti anthu adziwe ngati mliri wayamba. Munthu wina wamalonda, John Graunt, adasonkhanitsa mapepala amenewo a zaka zambiri, nawawerenga modekha, ndipo m'chaka cha 1662 adasindikiza zimene adapeza: kuti ana aamuna abadwa ochulukirapo pang'ono kuposa aakazi, ndi kuti mwa ana 100 obadwa, pafupifupi 36 ankamwalira asadakwanitse zaka 6. Mayi aliyense ankadziwa maliro a mwana wake. Koma kukula kwa tsokalo padalibe wokudziwa, mpaka wina ataphatikiza maliro onsewo. Luso lowerengera za umoyo wa anthu lidayambira pamenepo, m'mabuku a anthu ogwira ntchito yonga ya inu akatekisiti.

Chitsanzo chachiwiri chikhudza dziko lathu lino. Dokotala Denis Burkitt wa ku Ireland, akugwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala, adaona ana otupa nsagwada modabwitsa. Adalowa m'mabuku akale a chipatalacho, napeza kuti ana otere adalipo ndi kale lomwe, ndipo m'chaka cha 1958 adalemba za ana 38. M'chaka cha 1961 iye ndi anzake awiri adayenda pa galimoto mamailosi pafupifupi 10,000, nachezera zipatala zoposa 50, za boma ndi za mishoni, kuphatikizapo za muno m'Nyasaland wa nthawi imeneyo, akufunsa madokotala za ana amene adawalandirapo. Adapeza kuti khansa imeneyi ikonda madera otentha ndi achinyezi, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa, koma isowa ku mapiri ozizira. Zimenezi zidatsegula njira: m'chaka cha 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapeza kachirombo m'zotupazo, ndipo pambuyo pake kudadziwika kuti malungo nawonso athandizira nthendayo. Ana amene adalembedwa m'mabuku aja ambiri adali atagona kale m'manda. Koma lero ana odwala khansa ya Burkitt alandira mankhwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ambiri abwerera kwawo ali moyo.

Chachitatu nchaposachedwa. M'chaka cha 2011 Malawi adayamba, maiko ena asadatero, kupatsa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV mankhwala a ma ARV a moyo wonse, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Kodi njirayo idawafikadi amayi? Yankho lidachokera m'makaundula a tsiku ndi tsiku amene anamwino alemba: amayi oyamba mankhwala adali 1,257 m'miyezi ya Epulo mpaka Juni 2011, nafika 10,663 m'miyezi ya Julayi mpaka Sepitembala 2012. M'chaka cha 2013 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse lidalimbikitsa njirayi kwa maiko enanso.

Tsono tiona kuti kutsekera mabuku onse m'kabati mpaka chiswe chiwadye sikuli ungwiro ayi. Munthu amene adziwa pali chitsime, anzake nkumafa ndi ludzu, iye nakhala chete, sitimuyesa wosalakwa.

Chinsinsi chosungitsidwa

Komabe bambo aja sadafunse mopusa. Aphunzitsi a za makhalidwe asiyanitsa zinsinsi zitatu. Choyamba ndi chimene munthu wachidziwa mwangozi, monga kuona chilema chobisika cha mnzake posamba kumtsinje. Chilungamo ndi chikondi zimuuza kuti atseke pakamwa. Chachiwiri ndi chimene walonjeza kusunga atachimva kale. Chachitatu, cholemera koposa zonse, ndi chimene munthu auzidwa chifukwa chokha chakuti mwini wake akhulupirira kuti sichituluka. Chimenechi ndicho chinsinsi chosungitsidwa, ndipo zonse zimene wodwala anena kwa dokotala, kwa namwino kapena kwa mlembi zili m'gulu limeneli. Wodwala savula malaya ndi kuulula za m'nyumba mwake chifukwa chokonda kucheza. Ululu ndiwo umkakamiza. Chimene munthu wapereka ali pa mphasa ya matenda sitingachiyese chotola.

Pano tisasokoneze zinthu ziwiri. Chinsinsi cha m'sakramenti la kulapa sichitsegulidwa pa chifukwa chili chonse, ngakhale pofuna kupulumutsa moyo wa wansembe amene. Palibe wofufuza, mfumu kapena woweruza amene angachipemphe. Chinsinsi cha kuchipatala nchachikulu ndithu, koma sichifika pamenepo: mwini wake angalole kuti chigwire ntchito ina, ndipo pakagwa zoopsa, monga mliri wa kolera, boma liyenera kudziwitsidwa.

Makolo athu ankadziwa bwino za kusungitsa. Munthu akasungitsa mbuzi yake kwa mnzake, wosungayo athira manyowa ake m'dimba osafunsa, pakuti adziwa kuti mwini mbuzi sangakane. Koma akaigulitsa, kapena kuipha pa ukwati wa mwana wake, ndi mlandu, ngakhale anene kuti mwini wake adali kutali. Kusiyana kwake kuli pa funso limodzi: kodi mwini wake atamva, avomera? Aphunzitsi aja achitcha chimenechi chilolezo choganizira, ndipo aika malire ake: chigwira ntchito pokhapokha ngati kufunsa nkosatheka ndithu, ngati munthu wanzeru zake angavomere, ndiponso ngati mwini wake sadakane kale. Pamene kufunsa nkotheka, funsa. Safunsa adadya phula.

Tiyeni tiyese nkhani ya amayi aja ndi muyeso umenewu. Akadafunsidwa kuti, kodi mulola kuti matenda anu awerengedwe pamodzi ndi a amayi ena, dzina lanu litabisika, kuti madokotala adziwe mankhwala amene athandiza? Ndikhulupirira kuti akadati inde, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma akadafunsidwa kuti, kodi mulola kuti a m'mudzi mwanu adziwe chimene mudadwala, kapena kuti kampani ina ilemere nazo inu osamva kanthu? Apo yankho lawo tilidziwa tonse.

Kodi kufufuta dzina nkokwanira?

Wina adzati: nkhawa yanu njachabe, popeza ofufuza ayamba afufuta maina. Nzoona, ndipo nkofunika kutero. Koma kufufuta dzina sikubisa munthu nthawi zonse. M'zaka za m'ma 1990, ku Massachusetts m'dziko la America, boma lidapereka kwa ofufuza zolembedwa za kuchipatala za antchito ake litachotsa maina, ndipo bwanamkubwa William Weld adatsimikizira anthu kuti chinsinsi chawo nchotetezedwa. M'chaka cha 1997 wophunzira wina, Latanya Sweeney, adagula mndandanda wa ovota a mumzinda wa Cambridge pa madola 20, naulinganiza ndi zolembedwazo. Mumzindamo anthu 6 okha ndiwo adabadwa tsiku limodzi ndi bwanamkubwa; mwa iwo aamuna adali 3; wokhala m'dera lake adali mmodzi. Motero adapeza zolembedwa za matenda a bwanamkubwa mwini wake, namtumizira ku ofesi. Pambuyo pake adaonetsa kuti zinthu zitatu zokha, tsiku lobadwa, dera lokhala, ndi kuti munthu ngwamwamuna kapena ngwamkazi, zikwanira kuloza anthu 87 mwa 100 a m'dzikolo.

Ngati zili tero m'mizinda ya anthu osadziwana, nanji kumudzi? Lembani kuti: mayi wa zaka 41, wa mudzi wakutiwakuti, adabereka mapasa mwezi wa Juni, ali pa mankhwala akutiakuti. Dzina palibe, koma ngakhale mwana wopita kukatunga madzi akuuzani kuti ndi uje. Ndipo tidziwa chimene mbiri yotere ichita: banja kugwedezeka, malonda kuima, munthu kusalidwa pa chitsime. Lamulo lachisanu ndi chitatu sililetsa bodza lokha. Liletsanso kuulula popanda chifukwa chokwanira choona chimene chiwononga mbiri ya mnzako.

Si munthu yekha amene ali ndi mbiri. Mtundu nawonso uli nayo. Anthu a mtundu wa Havasupai, okhala m'chigwa cha Grand Canyon ku Arizona, adapereka magazi awo kuyambira chaka cha 1990 kuti afufuzidwe za matenda a shuga amene ankawasautsa. Patapita zaka adamva kuti zimene adaperekazo zidagwiritsidwanso ntchito pofufuza za misala, za kukwatirana pachibale, ndi za kumene makolo awo adachokera. Dzina la munthu silidasindikizidwe, koma mtundu wonse udachita manyazi. Mlanduwo udatha m'chaka cha 2010, pamene yunivesite ya Arizona State idalipira madola 700,000 ndi kubweza magazi otsala.

Nanga ubwino wa onse?

Winanso adzati: ubwino wa anthu onse uposa wa munthu mmodzi, mmodzi akapwetekeka kuti zikwi zichire, palakwika chiyani? Papa Pius XII adayankha maganizo otere polankhula kwa madokotala ku Roma pa 14 Sepitembala 1952. Adavomera kuti kufufuza nkwabwino ndi kofunika, koma adaphunzitsa kuti munthu sali m'dziko monga chiwalo chili m'thupi, choti chingadulidwe kuti thupi lipulumuke. Chala chilibe moyo wakewake, koma munthu ali nawo, pamodzi ndi ulemu wake ndi mathero ake. Dziko lilipo chifukwa cha munthu. Papayo ankanena za kuyesa mankhwala pa thupi, koma mfundoyo ifikanso pa mbiri ya munthu.

Ndiponso tisaiwale kuti kukhulupirirana nakonso ndi chuma cha onse. Tsiku limene anthu adzaganiza kuti zonenedwa kuchipatala zituluka, adzayamba kunamiza dokotala, kupereka dzina la eni, kapena kungodwalira kunyumba. Pamenepo makaundula adzadzala ndi mabodza, ndipo ofufuza omwewo adzakolola mankhusu. Ku England boma lidayamba m'chaka cha 2013 ntchito yosonkhanitsa zolembedwa za odwala m'nkhokwe imodzi. Koma popeza silidafotokozere anthu mokwanira, ambiri adakana, ndipo ntchitoyo idathetsedwa m'chaka cha 2016. Kuno kwathu sitidaiwale mphekesera za anamapopa za m'chaka cha 2017 ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera oyandikana nawo, pamene anthu osalakwa adaphedwa ndipo antchito a zaumoyo adaopa kulowa m'midzi. Mphekeserazo zidali zabodza. Koma bodza limera msanga pamene anthu azolowera kusauzidwa kumene magazi awo ndi maina awo apita.

Tsono tichitenji?

Tivomereze kuti kufunsa aliyense sikutheka nthawi zonse. Ena adamwalira, ena adasamuka. Ndipo ofufuza akangowerenga okhawo amene apezeka mosavuta, osauka okhala kutali ndi msewu adzasowa m'chiwerengero, thandizo nalonso lidzawadumpha. Nchifukwa chake payenera kukhala ena oimira odwala. Kuno kuli makomiti monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo ndi COMREC ya ku Blantyre, amene ayenera kuunika kafukufuku asadayambe. M'chaka cha 2016 bungwe la madokotala a pa dziko lonse lidagwirizana ku Taipei mfundo zoyendetsera nkhokwe zoterezi, ndipo m'chaka cha 2024 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza zolembedwa za munthu. Zonsezi nzabwino, koma chidindo cha komiti sichilowa m'malo mwa chikumbumtima. Ine ndiona kuti ntchitoyi njolungama pakakwanira zinthu zinayi.

Poyamba, funso lofufuzidwalo likhale loona ndi lothandiza odwala, osati longokweza dzina la wofufuza kapena kudzaza thumba la wamalonda.

Kachiwiri, wofufuza atenge zokhazo zimene funsolo lifuna. Wobwereka khasu sanyamula ndi nkhwangwa yomwe. Ngati zaka za munthu zikwanira, asatenge tsiku lobadwa. Ngati boma likwanira, asatenge dzina la mudzi. Ndipo zimene watengazo azisunge potseka, osazipatsa wina amene sadaloledwe.

Kachitatu, anthu auzidwe poyera, m'chilankhulo chawo, pa khoma la chipatala, pa wailesi ndi pa bwalo la mfumu, kuti zolembedwa zawo zingawerengedwe motere, ndi kuti wosafuna angakane osataya chithandizo. Chilolezo choganizira chimene chiopa dzuwa si chilolezo ayi. Ngati uopa kuti mwini mbuzi angamve, wadziwa kale kuti sangavomere.

Kachinayi, zopezeka zibwerere kwa eni ake. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ofufuza a kunja tiwalandira ndi manja awiri. Koma si chilungamo kuti masautso a odwala athu asanduke mabuku a m'maiko ena, amene namwino wolemba kaundulayo sadzawaona, kapena mankhwala amene mlimi wa kuno sangathe kugula.

Mawu kwa osunga mabuku

Inu akatekisiti ndi alembi a m'maparishi, nkhaniyi ikukhudzani mwapadera, pakuti nanunso musunga mabuku: a ubatizo, a maukwati ndi a akufa, kuwonjezera zambiri zosalembedwa zimene mumva poyendera odwala. Mabukuwo muziwasunga potseka. Mlendo wobwera ndi kalata ndi foni yojambulira mumtumize kwa abambo mfumu, ngakhale akhale waulemu chotani. Zimene mwamva pambali pa mphasa ya wodwala zisakhale ndiwo za macheza pa mphakati, ngakhale m'dzina la kupempherera. Ndipo inu akhristu amene mugwira cholembera kuchipatala, lembani zoona ndi mosamala, pakuti nambala yolembedwa mwaulesi lero ingasokeretse dokotala wa zaka 20 zikudzazo, nivulaza mwana amene sadabadwe.

Lamulungu lapitali ndidakumananso ndi bambo aja, ndipo ndidawauza motere. Pepala ndi inki nza chipatala. Koma zolembedwamo nza amayi aja ndi banja lawo, ndipo chipatala chingosunga. Ngati ziwerengedwa dzina litabisikadi, pa funso lothandiza odwala, ndiye kuti amayi aja akuthandizabe amayi anzawo amene sadawaonepo, pakuti kupatsa nkuika. Ndidawauzanso kuti si mwano kupita kwa akulu a chipatala ndi kufunsa amene awerenga mabukuwo, amene adawalola, ndi kumene zolembedwazo zipita. Wosungitsa ali ndi ufulu wokazonda mbuzi yake.

Adakhala chete kanthawi, akutembenuza chipewa chija m'manja. Kenaka adati: "Ngati zili choncho, awerenge. Koma adzatiuze chimene apeza." Pempho limeneli ndalipereka pano kwa onse amene asunga makiyi a nkhokwezo.